Nyamakazi ndi misewu iwiri ya mu Lilongwe

Akuluakulu amene anaudziwa mzinda wa Lilongwe usanakhale likulu la dziko mu 1975 amakumbukira kuti chipatala cha Bwaila, chimene chili ku Old Town kufupi ndi msika ndi depoti ya mabasi, chinkatchedwa Bottom. Dzinalo linali ndi linzake. M'nthawi ya atsamunda kunali chipatala cha Top, cha Azungu, ndipo Bottom chinali cha ife eni nthaka. Maina aja anachoka pa zikwangwani, atsamunda nawo anabwerera kwawo, koma aliyense amene anadwazikapo munthu wa nyamakazi mumzindawu akudziwa kuti misewu yopita kwa dokotala ikadali iwiri. Wina umayambira ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, ndipo ndi waufupi. Winawo umayambira ku Chipoka, ku Senga Bay, ku Khombedza kapena ku Dwangwa, ndipo ambiri mwa ouyenda amafika matenda atazika kale mizu.

Mawu akuti nyamakazi timawagwiritsa ntchito mowolowa manja. Agogo akalephera kudzuka pamkeka timati nyamakazi. Msodzi akamva kuphwanya m'mapewa atapalasa bwato usiku wonse timati nyamakazi. Mwana wa zaka 9 akatupa bondo timatinso nyamakazi, n'kumuthowa ndi madzi ofunda. Komatu madokotala amawerenga matenda oposa 100 ogwira mfundo za mafupa ndi minofu yozizungulira, ndipo si onse ofanana. Ilipo nyamakazi ya ukalamba ndi ntchito yolemetsa, imene imadza chicherewecherewe cha m'mawondo ndi m'chiuno chikaperepeseka. Amayi athu amene akhala akusenza ndowa ndi mitolo ya nkhuni kuyambira ali atsikana amaidziwa bwino. Ilipo gauti, imene imakonda kuyambira pa chala chachikulu cha kuphazi usiku, ndipo imagwira kwambiri abambo. Ziwirizi zimazunza, koma pali mitundu ina imene imalumaza ndi kupha, ndipo ndi pa imeneyi pamene kusiyana kwa wolemera ndi wosauka kumaonekera poyera.

Woopsa kwambiri mwa mitunduyi umagwira ana a zaka zapakati pa 5 ndi 15, msinkhu womwewo wa ana amene timakhala nawo m'madrasa masana aliwonse. Umayamba ndi zilonda zapakhosi, chinthu chimene makolo ambiri sitichiwerengera. Zilonda zambiri zapakhosi zimatha zokha, koma zina zimadza ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus wa gulu A. Mwana wotere akapanda kulandira penisilini, pakatha sabata ziwiri kapena zitatu chitetezo cha m'thupi mwake chikhoza kusokonezeka n'kuyamba kumenya thupi lake lomwe, poganiza kuti chikumenyabe tizilombo tija. Thupi limatentha, bondo limatupa, mawa lake ululu wachoka pabondo wapita pa kakolo, mkuja uli pachigongono. Madokotala amati rheumatic fever. Mfundo zimachira popanda chilema. Chimene sichichira msanga ndi mavavu a mumtima, tizitseko tija timene timatsegula ndi kutseka kuti magazi aziyenda njira imodzi. Nthenda ikabwereza kawiri katatu, tizitsekoti timakhala ndi zipsera, timalephera kutseka bwino kapena kutseguka mokwanira, ndipo patapita zaka mnyamata amene ankathamanga pamchenga amayamba kuchita befu atangoyenda pang'ono, miyendo n'kumatupa, usiku n'kumagona chokhala.

Kwathu kunyanja nthendayi imabisala kuseri kwa malungo. Mwana akatentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, nzeru yoyamba ya kholo ndi LA. Akayezedwa n'kupezeka kuti alibe malungo, ambiri timabwerera kunyumba titatsitsimuka mtima, tili ndi Panado m'manja, osadziwa kuti funso lenileni silinafunsidwe: kodi mwanayu anadandaulako zapakhosi masabata apitawa? Imabisalanso kuseri kwa mantha athu. Ululu woyendayenda m'thupi anthu amautcha kulodzedwa. Ndipo pali chizindikiro china chimene chimasocheretsa kwambiri: mwana, makamaka wamkazi, amayamba kugwedeza manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa kapu, kulemba mokhotakhota, kulira popanda chifukwa. Ana otere amabwera nawo kwa ife mashehe kuti tiwawerengere, makolo atatsimikiza kuti ndi majini. Kuwerengera wodwala ndi kumupemphera duwa ndi chinthu chabwino, ndipo sitidzaleka. Koma shehe amene wawerengera mwana wotere n'kumubweza kunyumba osauza makolo kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo sanamalize ntchito yake, pakuti kugwedezeka kumeneku ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika za nthenda imene ikudya mtima mwakachetechete.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa mu Lilongwe momwemu. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, wotsogoleredwa ndi Dr Amy Sanyahumbi, anaunika mitima ya ana 1,450 a m'sukulu ndi m'midzi ya m'bomali ndi makina a eko, ndipo anapeza kuti ana 34 mwa 1,000 alionse anali ndi zizindikiro za kuwonongeka kwa mavavu, ambiri mwa iwo nthenda ikadali poyambira, eni ake osamva kalikonse. Tikatengera chiwerengerochi pa madrasa ya ana 90, ndiye kuti atatu. Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi nthenda ya mtima imeneyi, ndipo oposa 300,000 amamwalira nayo chaka chilichonse. Ku Ulaya ndi ku America inali yofala zaka 100 zapitazo, koma inachepa kwambiri anthu atayamba kukhala m'nyumba zosathithikana ndiponso penisilini atafala. M'maiko olemera monga Australia ndi New Zealand yatsalira makamaka pakati pa eni nthaka, Aaborijini ndi Amaori, amene ambiri ndi osauka. Nthendayi imatsata umphawi monga ntchentche zitsata thandala la usipa.

Ndi chifukwa chake ngakhale mkati mwa Lilongwe simagwa mofanana. Tizilombo tapakhosi timafala kumene ana asanu agona chipinda chimodzi ndi kumene ana 100 akhala kalasi imodzi. Mtandire wayandikana ndi Area 47, Kauma ali kuseri kwa Area 12, ndipo m'mawa uliwonse anthu a m'madera amenewa amawoloka kupita kukalondera, kuphika ndi kulera ana m'nyumba za mipanda. Mwana wa m'nyumba ya mpanda akati pakhosi pakuwawa, madzulo omwewo amakhala ataonana ndi dokotala pachipatala cholipira, khadi la MASM kapena la inshuwalansi ina litagwira ntchito yake. Mwana wa mayi amene akumulera uja akadandaula chimodzimodzi, mayi ake amayamba awerengera: tsiku la ntchito lotayika, ndalama ya minibasi kapena kabaza, mzere wa pachipatala, ndi mwayi woti mankhwala apezeka. Sitikunena kuti wolemera walakwa pothamangira kwa dokotala. Tikunena kuti pakati pa ana awiriwa pali mtunda wosakwana ola limodzi wapansi, koma mmodzi yekha ndiye ali pangozi yeniyeni yodzafuna opaleshoni ya mtima asanakwanitse zaka 25.

Chowawitsa mtima n'chakuti mankhwala ake ndi akale ndiponso otsika mtengo. Zilonda zapakhosi za bakiteriya zimachizidwa ndi jekeseni mmodzi wa benzathine penisilini kapena mapiritsi a masiku 10. Mwana amene wadwala kale rheumatic fever amatetezedwa ndi jekeseni yemweyo kamodzi pa masiku 28 alionse, kuti tizilombo tisapezenso mpata. Kafukufuku wa ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anaonetsa kuti mwa ana opezeka ndi nthendayi ikadali poyambira, amene ankabayidwa mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri nthenda inakula mwa mmodzi yekha pa 100 alionse, pamene mwa osabayidwa inakula mwa 8. Koma masiku 28 alionse ndiye kuti maulendo 13 pachaka, kwa zaka zosachepera 5, kawirikawiri 10, ndipo kwa amene mavavu awonongeka kale mpaka atafika zaka 40 kapena moyo wonse. Jekeseniyo ndi wowawa, ndipo mwana amene akudziona kuti ali bwino savomera msanga. Kwa banja la ku Area 9 maulendo 13 ndi nkhani ya kukumbukira tsiku. Kwa banja la kumudzi kwa Maganga kapena kwa Malengachanzi ndi nkhani ya ndalama, ya mvula, ya mlatho, ndi ya kufika n'kuuzidwa kuti mubwerenso sabata yamawa.

Msewu wa odwala a ku Salima ndi ku Nkhotakota umathera ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chapakati chimene chinatsegulidwa mu 1977, ndipo chili pakati pa Old Town ndi City Centre. Abale athu a ku Mangochi ndi ku Machinga amatumizidwa ku Zomba, ena mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, kuchoka ku Nkhotakota pafupifupi 200. Boma sililipiritsa m'zipatala zake, ndipo ichi tisachipeputse. Koma ulere wa pachipatala sulipira minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi womudwazika, sulipira chakudya cha masiku odikira, ndipo subweza nsomba zimene bambo sanaphe sabata imeneyo. Amene alibe achibale ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo amadziwa kuzizira kwa Lilongwe m'mwezi wa June. Ndipo akaunikidwa n'kupezeka kuti vavu yafika pofunika kusinthidwa, msewu umatalikanso, chifukwa kwa zaka zambiri opaleshoni yotere yakhala ikuchitikira kunja kwa dziko, makamaka ku India. Amene ali ndi chuma kapena inshuwalansi yabwino amakwera ndege pa Kamuzu International Airport. Otsalawo amalembedwa pa mndandanda wa boma wa odikira kutumizidwa kunja, ndipo mtima wodwala sudikira mndandanda.

Ngakhale opaleshoni itatheka, nkhani sithera pomwepo. Vavu yachitsulo imafuna kuti munthu azimwa warfarin moyo wake wonse ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi, pakuti mankhwalawa akachepa magazi amaundana n'kubweretsa sitiroko, akachuluka munthu amataya magazi. Amavulazanso mwana wosabadwa. Vavu ina imapangidwa kuchokera ku mnofu wa ng'ombe kapena wa nkhumba. Iyi siifuna warfarin wa moyo wonse, koma mwa achinyamata imatha msanga. Mabanja achisilamu amatifunsa za ya nkhumbayi, ndipo yankho la maulama ambiri ndi lakuti pamene moyo uli pangozi ndipo palibe china choyenera, ndi yololedwa. Tatchula mimba, ndipo tikhalepo pang'ono. Mayi woyembekezera amakhala ndi magazi ochuluka kuposa masiku onse, ndipo vavu yopanikizika imene inkapirira kale imalephera m'miyezi yomaliza kapena pobereka. Atsikana ambiri amadziwika kuti ali ndi nthendayi pa mimba yoyamba. Mtsikana amene anadwalapo nyamakazi ya ubwana ayenera kuunikidwa mtima asanalowe m'banja, ndipo apongozi amene akufulumira kuona mdzukulu amve zimenezi kuchokera kwa dokotala, osati kumanda.

Amayi ali ndi mtolo winanso. Nyamakazi yotchedwa rheumatoid arthritis imagwira akazi kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amuna. Imayambira m'zala ndi m'manja, mbali zonse ziwiri, ndipo chizindikiro chake ndi kuuma kwa mfundo m'mawa kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, kotero kuti mayi amalephera kufinya nsalu, kugwira mthiko, ngakhale kumanga mpango. Ikapanda kuchizidwa m'miyezi yoyambirira imadya mfundo mpaka zala kupindika osawongokanso. Inzake ndi lupus, imene mwa odwala 10 alionse 9 ndi akazi, ambiri a msinkhu wobereka, ndipo imakonda kukhala yaukali mwa anthu akuda. Imabweretsa zidzolo kumaso, kuthothoka tsitsi, kutopa, ndipo imawononga impso. Matenda awiriwa sachizika kotheratu, koma amagonja. Methotrexate, womwa kamodzi pa sabata, ndi hydroxychloroquine ndi mankhwala akale amene asintha miyoyo ya anthu ambiri. Chovuta n'chakuti amafuna dokotala wodziwa kuwapereka ndiponso kuyeza magazi kawirikawiri poteteza chiwindi, ndipo methotrexate saloledwa kwa woyembekezera. Akatswiri a matenda a nyamakazi ndi ochepa zedi mu Africa ya kumwera kwa Sahara, ndipo ochepawo aunjikana m'mizinda ikuluikulu ya maiko monga South Africa, Nigeria ndi Kenya. Mayi wa ku Area 43 akhoza kutumiza magazi ake ku labotale yolipira, kugula mankhwala ku famase ya ku City Centre, kapena kukaonana ndi katswiri ku Johannesburg. Mayi wa ku Lifuwu amapatsidwa mankhwala opha ululu, ndipo amabwerera.

Apa ndi pamene msika umalowerera. Indosidi, Brufen ndi diclofenac zimapezeka m'magolosale ndi m'manja mwa ogulitsa oyendayenda, pamodzi ndi timapiritsi ta prednisolone ndi dexamethasone timene timathetsa ululu ngati matsenga. Bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA limaletsa malonda otere, koma munthu amene mawondo akumuwotcha safunsa chiphaso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mankhwala opha ululuwa akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amaboola chifu ndi kuwononga impso, ndipo ngozi imakula munthu akamamwa m'mimba muli mopanda kanthu, monga ena amachitira pa daku m'mwezi wa Ramadhan, kenako tsiku lonse osamwa madzi kunja kukutentha. Prednisolone womwa mwachisawawa amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, ndipo kumusiya mwadzidzidzi n'koopsanso. Amene wazolowera kale asasiye yekha. Apite nawo mapiritsiwo kuchipatala akawaonetse.

Pali zina zimene odwala amadzizunza nazo chipembedzo chisanawalamule. Timaona akuluakulu m'mizikiti akukukuta mano pa rukuu ndi pa sijida, akuchita manyazi kukhala pampando. Chisilamu chinapereka kale chilolezo: wolephera kuimirira aswali chokhala, wolephera kukhala aswali chogona, ndipo Swala yake ndi yokwanira. Madzi a wudhu akhoza kufunditsidwa. Makomiti a mizikiti aike mipando ingapo kumapeto kwa mizere, kumbali ya amayinso, osadikira kuti wina apemphe. Za jekeseni wa mwezi ndi mwezi, maulama ambiri amagwirizana kuti jekeseni wobaya mumnofu, amene si chakudya, samasula kusala. Tsiku la penisilini likagwa mkati mwa Ramadhan lisasunthidwe. Ndipo wodwala amene dokotala wamuuza kuti kusala kumuvulaza ali m'gulu la amene analoledwa kumasula.

Kumbali ya boma malonjezo alipo. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, mlingo umene dziko lathu kawirikawiri silinaufike. Mu May 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza chigamulo chapadera cholimbana ndi rheumatic fever ndi nthenda ya mtima yochokera kwa iyo. Ndalama zambiri za zaumoyo zochokera kwa abwenzi akunja zakhala zikupita ku Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo, ndipo zapulumutsa anthu osawerengeka. Koma zaonetsanso kuti dziko lino likhoza kufikitsa mankhwala kumudzi mwezi uliwonse, kulemba odwala m'kaundula, ndi kulondola amene wajomba. Ngati zinatheka ndi ma ARV, n'zovuta kumvetsa chifukwa chimene zingalepherekere ndi botolo la penisilini.

Chiyambi chake chaoneka. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo linayambitsa makiliniki a matenda aakulu osapatsirana pachipatala cha boma, kumene madokotala othandizira ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera amaunika mtima ndi makina a eko onyamula m'manja, kupereka penisilini ndi warfarin, ndi kusamalira ana a shuga ndi a sickle cell. Njirayi imatchedwa PEN-Plus, ndipo mu August 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinaivomereza pa msonkhano wa ku Lomé, m'dziko la Togo. Kuno kwathu yafika ku Karonga ndi ku Salima. Kwa banja la ku Chipoka, kusiyana kwa ulendo wa ku Salima ndi wa ku Lilongwe ndiko kusiyana kwa kubwerera tsiku lomwelo ndi kugulitsa mbuzi. Aphungu a m'maboma amene makiliniki otere sanafike afunsidwe poyera kuti adzafika liti m'maboma mwawo, ndi kuti odwala nyamakazi ya m'zala ndi lupus adzalowamo liti.

Ifenso tili ndi gawo losafuna chilolezo cha ku Capital Hill. Chuma chambiri cha Zakaat cha mumzinda uno chimachokera m'masitolo a ku Old Town ndi m'nyumba za ku Area 2, Area 3 ndi Area 9, ndipo gawo lalikulu limagawidwa m'mwezi umodzi, monga ufa, shuga ndi mafuta ophikira. Zimenezo n'zabwino. Koma mwana wosauka wa jekeseni 13 pachaka ali m'gulu la oyenera Zakaat m'miyezi yonse 12, ndipo chimene akusowa ndi ndalama ya ulendo pa tsiku lodziwika kale. Mzikiti uliwonse wa kunyanja ukhoza kudziwa ana otere a m'dera lake, mwachinsinsi ndi mwaulemu, n'kuwasungira ndalama imeneyo. Aphunzitsi a madrasa, amene amamva mawu a mwana aliyense akamawerenga, ndiwo oyamba kuzindikira amene akumeza malovu movutikira. Amutumize kwa makolo ndi uthenga womveka.

Kholo likafika naye kuchipatala mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, makamaka ngati alibe chifuwa kapena chimfine, lifunse ngati sakufunika penisilini. Mwana wotupa mfundo, kapena wa ululu wosamukasamuka, amvetseredwe mtima ngakhale atapezeka ndi malungo, ndipo kholo litchule zapakhosi za masabata apitawo lisanafunsidwe. Amene wayamba kale jekeseni, tsiku lotsatira lilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala asanatuluke pakhomo, ndipo akasamuka, kaya kupita ku Lilongwe kusukulu kaya kutsidya kwa nyanja ndi asodzi, kabukuko kapite naye.